Ivan Simonov: Katswiri wa Nyenyezi Amene Anatsogolera Yunivesite ya Kazan

Mu Julayi 1819, sitima ziwiri za dziko la Russia zotchedwa Vostok ndi Mirny zinanyamuka pa doko la Kronstadt, pafupi ndi mzinda wa St Petersburg, kukafufuza ngati kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi kuli mtunda. M'sitimazo munali anthu pafupifupi 190, koma wasayansi anali mmodzi yekha, mnyamata wa zaka 25 dzina lake Ivan Mikhailovich Simonov. Mnyamatayu ankaphunzitsa sayansi ya zakuthambo pa Yunivesite ya Kazan, ndipo patapita zaka 27 anakhala mkulu wa yunivesite yomweyo.

Mbiri ya Simonov ndi yothandiza kwa ife amene tikuphunzira, makamaka amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi. Imatisonyeza mmene munthu wodekha, woyeza ndi kulemba zinthu mosamala, amasiyira anzake poyambira. Imatisonyezanso kuti munthu waluso ngati yemweyo angathe kukhala chete pamene mnzake wabwera ndi ganizo latsopano lofunika kuliyankha. Madeti onse m'nkhani ino ndi a kalendala imene tikugwiritsa ntchito masiku ano, popeza kalendala ya ku Russia pa nthawiyo inali kumbuyo ndi masiku 12.

Mwana wa wamalonda pa yunivesite yatsopano

Simonov anabadwa mu 1794. Bambo ake anali amalonda, ndipo iye anayamba sukulu mumzinda wa Astrakhan, kumene mtsinje wa Volga umathira m'nyanja ya Caspian. Kuchokera kumeneko anapita ku Kazan, mzinda wina wa m'mbali mwa mtsinje womwewo, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kum'mawa kwa Moscow. Lero Kazan ndi likulu la chigawo cha Tatarstan. Simonov analowa yunivesite mu 1809, itangotha zaka zisanu chiikhazikitsire, chifukwa mfumu Alexander I inaikhazikitsa mu 1804.

Yunivesite yatsopanoyi inalibe aphunzitsi okwanira a m'dziko momwemo, choncho boma linaitana akatswiri ochokera ku mayiko olankhula Chijeremani. Mmodzi wa iwo anali Martin Bartels, mphunzitsi wa masamu, amene ali mnyamata anathandizapo pophunzitsa Carl Friedrich Gauss, mmodzi mwa akatswiri a masamu otchuka kwambiri m'mbiri yonse. Wina anali Joseph Littrow, katswiri wa nyenyezi, amene anafika ku Kazan mu 1810. Aphunzitsi awiriwa anapeza anyamata awiri anzeru kwambiri, Simonov ndi mnzake Nikolai Lobachevsky, amene anali wamkulu kwa Simonov ndi zaka ziwiri.

Mu 1811 kumwamba kunaoneka nyenyezi yaikulu ya mchira, imene anthu anaiona ndi maso kwa miyezi yambiri. Littrow sanangoifotokoza m'kalasi. Anatenga ophunzira akewo kuti usiku aziyeza malo amene nyenyeziyo yafika ndi kulemba manambala ake. Umu ndi mmene Simonov anaphunzirira ntchito imene anaigwira moyo wake wonse. M'mera mpoyamba. Mu 1812 analandira digiri yachiwiri, ndipo mu 1816, chaka chimene Littrow anachoka ku Kazan, Simonov anakhala pulofesa wa sayansi ya zakuthambo ali ndi zaka 22 zokha.

Kodi katswiri wa nyenyezi amatani m'sitima?

Masiku ano foni imatiuza malo amene taima. Zaka 200 zapitazo woyendetsa sitima pakati pa nyanja ankadalira dzuwa, mwezi, nyenyezi, wotchi ndi masamu. Kuti malo alembedwe pa mapu pamafunika manambala awiri. Nambala yoyamba, latitude, imanena kutalika kwa malowo kuchokera pa mzere wa ikweta kupita kumpoto kapena kumwera. Yachiwiri, longitude, imanena kutalika kwake kupita kum'mawa kapena kumadzulo kuchokera pa mzere umene anthu anagwirizana, monga wa ku Greenwich ku London.

Nambala yoyamba ndi yosavuta kwenikweni. Munthu amayeza kukwera kwa dzuwa masana likafika paliwombo, pogwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa sextant, kenako amayerekeza ndi manambala olembedwa kale a tsikulo. Yachiwiri ndiyo inkavutitsa amalinyero kwa zaka mazana ambiri, chifukwa imafuna kudziwa nthawi. Dziko lapansi limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola limodzi, kapena digiri imodzi pa mphindi zinayi. Tingachimvetse bwino ndi chitsanzo cha kwathu. Mzinda wa Lilongwe uli pafupifupi madigiri 34 kum'mawa kwa Greenwich, ndiye chifukwa chake dzuwa limafika paliwombo ku Lilongwe maola awiri ndi mphindi pafupifupi 15 lisanafike paliwombo ku London. Munthu wonyamula wotchi yosunga nthawi ya ku Greenwich akaona kusiyana kumeneku, amadziwa kuti wapita kum'mawa madigiri angati.

Vuto linali wotchiyo. Sitima imagwedezeka, kunja kumatentha lero mawa n'kuzizira, ndipo wotchi imayamba kuthamanga kapena kutsalira. Ikalakwa ndi mphindi imodzi yokha, malo a sitima pa mapu amalakwika ndi makilomita pafupifupi 28 ngati ili pafupi ndi ikweta. M'nyanja yodzaza miyala ndi madzi oundana, kulakwa kotere ndi imfa. Choncho ntchito yaikulu ya Simonov inali kuyang'anira mawotchi apadera a m'sitima otchedwa chronometer. Njira ina yowayesera inali kuyeza mpata wa pakati pa mwezi ndi dzuwa kapena nyenyezi yodziwika. Mwezi umasuntha pakati pa nyenyezi madigiri pafupifupi 13 pa tsiku, choncho uli ngati muvi wa wotchi yaikulu imene dziko lonse limaiona. Kuyeza kumodzi kunkafuna masamu ambiri a pamanja, ndipo ankakubwereza kambirimbiri kuti zolakwika zichepe. Sitima zikaima pa doko, Simonov ankatsitsira zipangizo zake kumtunda ndi kumanga hema woonera nyenyezi kuti ayeze bwino koposa mmene angayezere pa sitima yogwedezeka.

Masiku 751 panyanja

Mtsogoleri wa ulendowu anali Fabian Gottlieb von Bellingshausen, amene ankayendetsa Vostok, sitima imene Simonov anakwera. Mirny inali m'manja mwa Mikhail Lazarev. Boma linali litagwirizana ndi akatswiri awiri a zomera ndi zinyama a ku Germany, Mertens ndi Kunze, kuti akakwere sitimazo ku Copenhagen, koma onse awiri anakana kupita. Chifukwa cha ichi, Simonov anasenza ntchito zimene sanaziphunzire: kuyeza kutentha kwa madzi, kulemba za nyengo, kusonkhanitsa zinthu zachilengedwe ndi kufotokoza za anthu amene ankakumana nawo.

Atagula zipangizo zina ku London, anadutsa ku Tenerife ndi kufika ku Rio de Janeiro mu Novembala 1819. Atangowoloka ikweta, thambo linasintha. Mzinda wa Kazan uli pafupifupi madigiri 56 kumpoto, ndipo nyenyezi zambiri zimene ife timaziona usiku kuno kwathu, monga zinayi zija zooneka ngati mtanda zotchedwa Southern Cross, kumeneko sizituluka konse. Nayonso nyenyezi ya kumpoto yotchedwa Polaris, imene amalinyero a ku Ulaya ankaidalira, kumwera kwa ikweta imabisika. Simonov anali pakati pa akatswiri oyamba a ku Russia kuyeza nyenyezi za kumwera.

Kuchokera ku Rio sitimazo zinalowera ku South Georgia ndi ku South Sandwich, kumene zinatsimikiza kuti malo amene James Cook anawaganizira kuti mwina ndi mtunda umodzi ndi zilumba zingapo. Pa 28 Januwale 1820 zinafika kupitirira madigiri 69 kumwera, ndipo kutsogolo kwawo kunali madzi oundana opanda malire amene sitima sizikanatha kudutsa. Lero tikudziwa kuti anali pafupi kwambiri ndi gombe la Antarctica. Patangopita masiku awiri, Edward Bransfield wa ku Britain anaona mbali ina ya dzikolo, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Nathaniel Palmer wa ku America anaonanso. Akatswiri a mbiri yakale amatsutsanabe kuti woyamba kuona Antarctica ndani. Chimene chimapangitsa kuti a ku Russia akhale ndi mawu pa mtsutsowu ndi manambala amene analemba. Popeza malo a sitima anayezedwa ndi kulembedwa tsiku ndi tsiku, munthu wa lero angathe kuwaika pa mapu amakono ndi kuona pamene anafika.

Nyengo yozizira ya kumwera itayandikira, anathawira ku Sydney m'dziko la Australia mu Epulo 1820, ndipo kuchokera kumeneko anayendera New Zealand, zilumba za Tuamotu ndi Tahiti. Ku Tahiti Simonov anayeza nyenyezi pa malo otchedwa Point Venus, pomwe Cook anaonera Nthanda ikudutsa kutsogolo kwa dzuwa mu 1769. Malowa anali atayezedwa kale bwino, choncho anali oyenera kuyeserapo mawotchi. Kumwera kwa Fiji, Bellingshausen anatcha kachilumba kena dzina la Simonov ndi kena dzina la Pavel Mikhailov, wojambula zithunzi wa paulendowo, ngakhale kuti pa mapu a lero tizilumbato timadziwika ndi mayina a Chifiji.

M'madera otentha Simonov anachita kafukufuku wofuna kupirira kwambiri. Ankawerenga barometer, chipangizo choyeza kulemera kwa mpweya, ola lililonse usana ndi usiku, mpaka manambala anakwana masauzande. Manambalawo anasonyeza kuti m'madera otentha kulemera kwa mpweya kumakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku mosaphonya: kumakwera chakumamawa cha m'ma 10 koloko ndi usiku nthawi ngati yomweyo, n'kutsika cha m'ma 4 koloko madzulo ndi m'bandakucha. Kusinthaku n'kochepa, ndipo ku Ulaya kumabisika chifukwa cha mphepo zosinthasintha, koma kuno kwathu kumachitika tsiku lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Novembala 1820 anabwereranso kumwera, ndipo mu Januwale 1821 anapeza chilumba chimene anachitcha Peter I komanso gombe limene analitcha Alexander I. Anafika kwawo ku Kronstadt mu Ogasiti 1821, patapita masiku 751, atazungulira Antarctica yense. Pa ulendo wonsewo anamwalira anthu atatu okha, chinthu chosowa pa maulendo a nthawi imeneyo. Mayina a sitima ziwirizo alipobe, chifukwa malo awiri ofufuzira a dziko la Russia ku Antarctica amatchedwa Mirny ndi Vostok.

Yunivesite imene anaipeza pobwerera

Pamene Simonov anali panyanja, yunivesite yake inatsala pang'ono kufa. Kumayambiriro kwa 1819 boma linatuma mkulu wina dzina lake Mikhail Magnitsky kukayendera Yunivesite ya Kazan. Magnitsky ananena kuti sukuluyo ndi chisa cha maganizo oipa ndipo anapempha kuti itsekedwe. Mfumu inakana kuitseka, koma inaika Magnitsky yemweyo kukhala woyang'anira wake. Iye anachotsa ntchito gulu la mapulofesa, analamula kuti mabuku ena achotsedwe m'laibulale, ndipo anafuna kuti phunziro lililonse, ngakhale masamu, lizitamanda mfumu ndi chipembedzo cha boma. Ziwalo za anthu akufa zimene ophunzira zaudokotala ankaphunzirirapo anazikwirira kumanda. Ophunzira ankalondedwa ndi kulangidwa ngati ochimwa. Kupembedza kokakamiza kotereku kunachulukitsa chinyengo ndi mantha, ndipo aphunzitsi abwino monga Bartels anachoka.

Simonov sanalimbane ndi Magnitsky. Anagwira ntchito pansi pake, ndipo mu 1822 anakwezedwa kukhala pulofesa wamkulu. Chaka chomwecho anakamba nkhani pa msonkhano wa yunivesite yofotokoza za ulendo wa Vostok ndi Mirny, ndipo nkhaniyo inasindikizidwa. Buku la Bellingshausen mwini wake linatuluka mu 1831, patapita zaka khumi chibwerereni, choncho kwa nthawi yaitali anthu a ku Russia ndi a ku Ulaya ankadziwa za ulendowu makamaka kudzera mwa Simonov, popeza nkhani yake inamasuliridwanso m'Chijeremani. Zida, nsalu ndi zokongoletsera zimene anabwera nazo kuchokera kwa Amaori a ku New Zealand ndi kwa anthu a m'zilumba zina anazipereka ku yunivesite, ndipo zikusungidwabe m'nyumba yake yosungiramo zinthu zakale.

Nyumba yoonera nyenyezi

Katswiri wa nyenyezi wopanda zipangizo ali ngati mlimi wopanda khasu. Mu 1823 Simonov anatumidwa pamodzi ndi mnzake Adolf Kupffer ku mayiko a kumadzulo kwa Ulaya kukagula zipangizo za yunivesite, ndipo anafika ku Vienna, kumene mphunzitsi wake Littrow anali atakhala mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi, komanso ku Paris. Zinthu zinayamba kuyenda bwino Magnitsky atachotsedwa mu 1826, ndipo chaka chotsatira Lobachevsky anasankhidwa kukhala mkulu wa yunivesite. Simonov anayamba kuyenda m'matauni a m'chigawo cha Kazan akuyeza malo ake enieni pa mapu, ntchito yomwe ija ankaichita panyanja. Mu 1829 bungwe la asayansi la ku St Petersburg linamusankha kukhala membala wake, ndipo mu 1832 anatulutsa buku lophunzitsira sayansi ya zakuthambo m'Chirasha.

Pakati pa 1833 ndi 1837 yunivesite inamanga nyumba yoonera nyenyezi m'bwalo lake. Wojambula mapulani anali Mikhail Korinfsky, Simonov ankanena zimene sayansi ikufuna, ndipo Lobachevsky ankayang'anira ntchito yonse yomanga. Munaikidwa telesikopu yaikulu yopangidwa ku Munich. Simonov anali ndi chidwinso ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Amalinyero ankadziwa kuti singano ya kampasi siloza kumpoto kwenikweni, ndipo kupatuka kwake kumasintha malinga ndi malo komanso nthawi. Wasayansi wotchuka wa ku Germany, Alexander von Humboldt, amene anacheza ku Kazan mu 1829, ankalimbikitsa kuti mizinda yambiri iziyeza singanoyo pa nthawi zofanana. Kazan inali yofunika chifukwa inali kutali kum'mawa, kumene kunalibe oyeza ambiri. Simonov analemba za masamu a mphamvu imeneyi mu 1835.

Mu 1842 moto waukulu unawononga gawo lalikulu la mzinda wa Kazan, ndipo nyumba yoonera nyenyezi nayo inapsa. Simonov anali pa ulendo ku mayiko a kumadzulo kwa Ulaya. Amene anapulumutsa zipangizo anali ophunzira pamodzi ndi Mikhail Lyapunov, wophunzira wake wakale amene tsopano anali womuthandiza, pamene Lobachevsky ankatsogolera ntchito yoteteza laibulale ndi nyumba zina. Apa zinaoneka kuti mutu umodzi susenza denga: Simonov akanakhala kuti sanaphunzitse ena kusamala zipangizozo, ntchito ya zaka 20 ikanathera m'phulusa. Nyumbayo inakonzedwanso, ndipo mu 1843 anatsegula ina yoyezera mphamvu ya maginito.

Pepala limene silinayankhidwe

Pali mbali ina ya mbiriyi imene sitiyenera kuibisa. Pa 23 Febuluwale 1826, Lobachevsky anapereka kwa aphunzitsi anzake pepala lonena za jometri yatsopano. Kwa zaka zoposa 2,000 anthu ankatsatira jometri ya Euclid, yomwe timaphunzira ku sekondale. Iyo imati ukakhala ndi mzere wowongoka ndi kadontho pambali pake, pali mzere umodzi wokha wodutsa pa kadonthoko umene sudzakumana ndi mzere woyambawo. Kuchokera pamenepa timapeza kuti makona atatu a thirayango akaphatikizidwa amakwana madigiri 180. Akatswiri ambiri anayesa kutsimikiza lamuloli koma analephera. Lobachevsky anafunsa funso lina: bwanji ngati mizere yotere ili yambiri? Anapeza kuti pamatuluka jometri ina yosadzitsutsa paliponse, imene makona atatu a thirayango sakwana madigiri 180.

Yunivesite inasankha komiti ya anthu atatu kuti iunike pepalalo: Simonov, Kupffer ndi Nikolai Brashman. Lipoti la komitiyi silinatuluke, ndipo pepalalo silinasindikizidwe pa nthawiyo. Lobachevsky anadikira mpaka 1829 kuti ayambe kusindikiza maganizo akewo m'magazini ya yunivesite. Chomvetsa chisoni n'chakuti funso lake linkakhudza ntchito ya Simonov mwachindunji. Lobachevsky ankanena kuti jometri yoona ya chilengedwe iyenera kudziwika poyeza, ndipo anayesa kugwiritsa ntchito manambala a nyenyezi zakutali monga Sirius kuti aone ngati thirayango yaikulu kwambiri imakwana madigiri 180. Munthu woyenera kukambirana naye za kuyeza kumeneku anali mnzake wa pa ubwana, amene ankakumana naye tsiku lililonse.

Si Simonov yekha amene sanamve. Ku St Petersburg katswiri wa masamu Mikhail Ostrogradsky anaipeputsa ntchito ya Lobachevsky, ndipo magazini ina inamunyoza poyera. Gauss ndiye anaiyamikira, ndipo mu 1842 anachititsa kuti Lobachevsky asankhidwe kukhala membala wa bungwe la asayansi la ku Göttingen. Jometri zosiyana ndi ya Euclid zinavomerezedwa onse awiri atamwalira, ndipo mu 1915 Albert Einstein anagwiritsa ntchito jometri ya mtundu umenewu pofotokoza mphamvu yokoka ya dzuwa ndi nyenyezi. Lero akatswiri a zakuthambo sangagwire ntchito popanda maganizo amene anayambira pa mafunso ngati a Lobachevsky.

Kwa ife aphunzitsi a mawa, nkhaniyi ndi chenjezo. Kuunika ntchito ya wina ndi udindo. Munthu angathe kuivomereza, angathe kuitsutsa ndi zifukwa zake, angathenso kunena kuti yamukulira ndi kuipereka kwa wina wodziwa. Mayankho onse atatuwa amathandiza wolembayo. Kukhala chete kokha ndiko kumamusiya alibe pogwira. Tsiku lina mwana wa Fomu 2 adzatipatsa yankho lopezedwa m'njira imene mulibe m'buku, ndipo chimene tidzachite ndi kope lakelo chidzamuuza ngati kuganiza n'kololedwa m'kalasi mwathu.

Pampando wa mkulu wa yunivesite

Mu 1846, Lobachevsky atatsogolera yunivesite kwa zaka 19, boma linamuchotsa pampandowo ndi kumupatsa udindo wothandiza woyang'anira maphunziro m'chigawocho. Simonov, ali ndi zaka 52, ndiye analowa m'malo mwake. Analandira yunivesite yokhala ndi nyumba zabwino, laibulale yaikulu, chipatala chophunzitsira ndi nthambi yotchuka yophunzitsa zilankhulo za kum'mawa monga Chiarabu, Chiperisiya, Chimongoliya ndi Chitchaina.

Koma nthawi yake inali yovuta. Mu 1848 anthu anaukira mafumu m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo mfumu Nicholas I inachita mantha ndi mayunivesite. Mu 1849 boma linalamula kuti ophunzira odzilipirira okha asapitirire 300 pa yunivesite iliyonse, kupatula ophunzira zaudokotala, ndipo linalanda aphunzitsi ufulu wosankha mkulu wawo. Mu 1850 phunziro la filosofi linaletsedwa. Kupita kunja kukaphunzira, njira imene inathandiza Simonov mwini wake, kunavuta kwambiri. Chakumapeto kwa nthawi yake boma linalamulanso kuti nthambi ya zilankhulo za kum'mawa isamukire ku St Petersburg, pamodzi ndi aphunzitsi ndi mabuku ake ambiri. Mkulu wa yunivesite pa nthawi yotere analibe mpata woyambitsa zazikulu. Ntchito yake inali kusunga zimene zilipo kuti zisafe.

Mwa ophunzira a nthawi imeneyo, awiri amadziwika dziko lonse. Woyamba ndi Leo Tolstoy, amene analowa mu 1844 kukaphunzira zilankhulo za kum'mawa, n'kusamukira ku zamalamulo, koma maphunziro sanamuyendere. Mu Epulo 1847 analembera kalata Simonov yopempha kusiya sukulu, ndipo anachoka wopanda digiri. Pambuyo pake analemba mabuku a War and Peace ndi Anna Karenina. Wachiwiri ndi Alexander Butlerov, amene anamaliza maphunziro mu 1849, anatsala kuphunzitsa pomwepo, ndipo mu 1861 anafotokoza mfundo ya mmene maatomu amalumikizirana m'mamolekyu, imene ophunzira kemisitiri amaigwiritsabe ntchito. Butlerov nayenso anadzakhala mkulu wa yunivesiteyi. Pa tsiku limene anyamata awiriwa ankadutsa pa khomo la ofesi ya Simonov, panalibe akanatha kunena zimene aliyense adzakhale.

Chinthu chimodzi chimene Simonov anachisamala kwambiri ndi kusiya sayansi ya zakuthambo m'manja odalirika. Lyapunov anayamba kuyang'anira nyumba yoonera nyenyezi mu 1850, ndipo chaka chomwecho kunafika Marian Kowalski, mnyamata wa ku Poland amene anadzaphunzitsa ku Kazan kwa zaka zoposa 30 ndi kufufuza za kayendedwe ka nyenyezi za mu Mlalang'amba. Simonov anamwalira ku Kazan pa 22 Januwale 1855 ali ndi zaka 60, akadali pampando. Lobachevsky, amene anali atasiya kuona, anamwalira chaka chotsatira.

Zimene zinatsala

Simonov sanatulukire lamulo latsopano la chilengedwe, ndipo dzina lake silimveka ngati la Lobachevsky kapena Tolstoy. Koma ntchito imene anaiyamba sinaime. Dmitry Dubyago, katswiri winanso wa nyenyezi, anakhala mkulu wa Yunivesite ya Kazan kuyambira 1899 mpaka 1905, ndipo mu 1901 anatsegula nyumba yachiwiri yoonera nyenyezi kunja kwa mzinda, pogwiritsa ntchito zipangizo zimene Vasily Engelhardt anapereka mwaulere. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika nyumba ziwirizi, ya Simonov ya mu 1837 ndi ya Engelhardt, pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Tikaunika moyo wake tikuona mzere wa aphunzitsi ndi ophunzira: Littrow anaphunzitsa Simonov, Simonov anaphunzitsa Lyapunov ndi kulandira Kowalski, ndipo mwana wa Lyapunov, Aleksandr, anakhala katswiri wamkulu wa masamu. Aliyense analandira zipangizo, manambala ndi chizolowezi cha kuyeza mosamala, n'kuzipereka kwa womutsatira. Ambiri a ife sitidzayenda panyanja masiku 751, koma tidzapatsidwa kaundula, makope ndi ana oti tiwayang'anire, mwina pa sukulu yosowa zipangizo, mwina pansi pa malamulo amene sitinawasankhe. Kwa Simonov tiphunzire kulemba zoona, kubwereza kuyeza mpaka titatsimikiza, ndi kuphunzitsa wina woti adzapulumutse zipangizo ife kulibe. Ku komiti ya mu 1826 tiphunzire kuti pepala lililonse limene laikidwa m'manja mwathu liyenera kuwerengedwa ndi kuyankhidwa.